Nyumba ya Tisa Ilibe Khonde

Amene anandisandutsa choseketsa pa msika wa Katete ndi Tisa, mwana wa alongo anga aNaphiri. Ndamutchula dzina, akafuna akandisumire. Ndi Tisa yemwe uja mumamuona pa mafoni anu akuvina m'khitchini, akutsegula firiji, akukuuzani mafuta oti muzidzola kuti muwale. Anandijambula ine amalume ake nditagwa chagada pa matayilosi a nyumba yake yatsopano, miyendo m'mwamba ngati nkhuku ya pa njinga, n'kuikapo kanyimbo, n'kuponyera dziko lonse. Lero ndikangotsika minibasi pa Katete, anyamata oitanira anthu aja amayamba: “Amalume a nsanje afika! Agwireni, angaterereke!” Ine munthu wa imvi kumutu. Ine amene ndinamanga makonde omwe iwowo amausapo mvula.

Inu ana anga mwakhala mukundivutitsa kuti popeza msana wandikhazika pansi, ndilembe za ntchito yanga. Ndiye ndi izi ndikulemba. Sukulu ndinalekezera giredi folo, mukapeza zilembo zopindika muwongole, koma mawu anga musawagwire. Ndifuna mudziwe kuti tsiku lija bambo wanu sanalankhule chifukwa cha nsanje. Nsanje ya chiyani? Ndamanga nyumba moyo wanga wonse, lero ndikasirire matayilosi? Kuti mumvetse chimene chinandipweteka, ndiyambire kumene ndinaphunzira kuyang'ana nyumba.

Katete, ndisanamere ndevu

Ntchito yanga yoyamba inali ya udakaboyi, kukanya matope ndi kuponyera mmisiri njerwa. Ndinaipeza kwa aSakala, mmisiri wamfupi, wakuda bii, wa chala chimodzi choduka, amene anapatsidwa ntchito yomanga sitolo ya Che Yusufu m'mbali mwa msewu waukulu. Che Yusufu anali Msilamu wochokera ku Malawi, wogulitsa nsalu, mchere ndi palafini, munthu wosakhazikika ngati wakhalira linthumbu. Sitolo kutsogolo, nyumba yogona kumbuyo, ndi mmene anafunira. Tsiku loyamba ndinalawira ndi khasu ndi piki, kuti ndikumbe maziko andione kuti ndine mwamuna. ASakala anandiyang'ana n'kuti, “Ika pansi zimenezo, iwe. Pita ukabwereke mpando.” Kenako anafunsa Che Yusufu kuti, “Wamkulu kuposa onse amene adzakhale pano ndani?” Che Yusufu anati bambo awo. “Kawatengeni.”

Anabwera nawo mdala woonda, wa kachisoti koyera, wosamva bwino. ASakala anawapatsa mpando pakati pa puloti, udzu wokhawokha, n'kuwakuwira m'khutu kuti akhale paliponse pamene afuna. Ife tinakakhala pansi pa mtengo wa mango tikudya nzimbe. Dzuwa litakwera, Che Yusufu anabwera thukuta lili kamukamu. “ASakala, kodi ndakulembani ntchito yoonerera bambo anga akuwodzera?” ASakala osatekeseka. “Che Yusufu, inu mukandiuza pomwe mufuna khomo, mundiuza zimene munaona ku Limbe. Pakamwa pa munthu pamatuluka bodza. Koma matako a nkhalamba sanama.” Mdala uja anasuntha mpando kangapo. Apa dzuwa, apa fumbi la malole, apa nyerere. Chakumadzulo anakhazikika pamalo ena pokwererapo pang'ono, pofika kamphepo kochokera kumapiri, pomwe ankaona msewu ndi kanjira kopita ku mzikiti, ndipo aliyense wodutsa ankaima n'kuwapatsa moni. Sanasunthenso. ASakala anadzuka, anatenga chikhomo n'kuchikhoma pafupi ndi phazi la mdalayo. “Khonde likhala apa. Nyumba izitsatira pambuyo.”

Sitolo ija ilipo mpaka lero. Eni ake ndi ena, penti ndi ina, koma khonde ndi lomwelo. Mukadutsa mudzaona matelala atandanda ndi makina awo, amayi a nthochi, ndi madala akusewera nsolo kumapeto. Palibe amene anawaitana. Ine ndikafika pamenepo miyendo imalemera yokha. Ndimamva fungo la simenti yonyowa, ndi tiyi wa mkaka amene akazi a Che Yusufu ankatitumizira m'ketulo yakuda, ndi mandasi otentha okulunga m'nyuzipepala. Lachisanu masana ntchito inkaima, iwo ku mzikiti, ife kugona pa mchenga zipewa kumaso. ASakala ankandikwapula ndi levulo, kathabwa koyezera kuwongoka kwa khoma, ndikakanya matope olimba, koma ndi iwonso anandigulira nsapato zanga zoyamba. Tsiku limene anandipatsa mpeni womangira kuti ndiyale mzere wanga woyamba wa njerwa, anatembenuka dala kuyang'ana kumsewu, kuti manja anga asanjenjemere. Anamwalira kalekale. Manda awo ndinamanga ndine, ndipo ndinawayeza ndi levulo mbali zonse, kuopa angadzuke kudzandikwapula.

Sinda ndi Vubwi, zaka zosowa simenti

Nditadziwa ntchito ndinalembedwa ndi kontilakita wina amene ankamanga nyumba za aphunzitsi m'masukulu a kumidzi. Bwana weniweni tinkangomuonera pa windo la galimoto. Wotiyang'anira anali kapitawo wathu aMbewe, mawu ngati bingu koma mtima wa nkhunda. Tinayambira ku Sinda. Kumeneko ndi kumene ndinapeza amayi anu, pa chitsime pomwe ifenso tinkatunga madzi a ntchito. Anandinyoza m'Chinsenga, anzawo n'kufa nacho chiseko, ine osamva kanthu, ndikungomwetulira ngati chitsiru. Patapita nthawi ndinamva kuti anati miyendo yanga yotuwa ndi simenti ikufanana ndi ya bulu. Ndinawakwatira kuti ndibweze.

Zinali zaka zovuta, koma ndikamazikumbuka sindimva kuwawa. Simenti inkabwera matumba owerengeka, aMbewe n'kumakhalira pamwamba pake ngati nkhuku yofungatira mazira. Ukapita kukapempha fosholo imodzi yowonjezera, ankakufunsa kuti, “Ukufuna kumanga kapena kuphika phala?” Makoma tinkamanga ndi dothi la pachulu, simenti tinkangopaka m'mizere ya kunja ndi pansi. Misomali tinkazula m'mabokosi akale n'kuiwongola pa mwala, tsiku lonse go go go, zala kutupa. Malata akachedwa tinkakhala mwezi tikuyang'ana kumsewu, tikuthandiza anthu kukolola kuti atipatse maungu. Koma nyumba zimene zija pitani mukazione, zikadali chilili.

Ku Vubwi tinapita Vubwi isanakhale boma, kuli tchire, msewu wake woti lole ikatitimira mumatsika n'kumanga msasa. Anthu a kumeneko sudziwa kuti uyu ndi wa kuno, uyu wa ku Malawi, uyu wa ku Mozambiki. Onse Chichewa chimodzi, maliro amodzi. Sopo ndi shuga tinkakagula kutsidya, pa njinga, m'tinjira ta m'minda. Ndi kumeneko ndinayamba ine pandekha kuchita za mpando zija. Nyumba za sukulu zinali ndi pulani yake ya papepala, sungasinthe, koma anthu a m'midzi ankatipempha kuti Loweruka tikawamangire zawo. Ndikafika ndinkafunsa kuti wamkulu pano ndani, ndipatseni mpando. Mlimi wina wa fodya, wa mitala, anati wamkulu ndi mkazi wake woyamba. Wachiwiri atamva anatulukira ndi mpando wakewake, ati nanenso ndine munthu. Wina anakakhala kum'mawa, wina kumadzulo, atafulatirana, tsiku lonse osayang'anana. Mwamuna anandinong'oneza kuti, “Amisiri, nanga apa titani?” Ndinati, “Gulani malata ena, achimwene, makonde akhala awiri. Munawafuna nokha.” AMbewe atamva anaseka mpaka kutsokomola. “Phiri, ndiwe mmisiri kapena sing'anga?” Koma pamene ankamanga yawo kwawo ku Chadiza anandiitana, ndipo ndinakhazika apongozi awo pa mpando tsiku lonse, aMbewe ali phee ngati mwana wa sukulu.

Chaka chimene Tisa anabadwa

Kontilakita wathu anapeza ntchito yaikulu ku Lusaka, nyumba zosanjikizana. Anati atenga amisiri ochepa okha, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Ana anga, simungamvetse. Ine wa giredi folo, kukamanga nyumba za m'mwamba mu Lusaka! Ndinagula thalauza latsopano. Sabata yomweyo kunabwera munthu pa njinga kuchokera kwathu kufupi ndi Mkaika, ndi uthenga woti alamu anga, amuna a aNaphiri, atisiya, ndiponso mvula ya mphepo yagwetsa khoma la nyumba yawo. ANaphiri ndi alongo anga aakulu, amene anandibereka kumsana amayi ali kumunda. Anatsala ndi khanda la miyezi yochepa, akugona m'khitchini ya anthu. Khandalo ndiye Tisa.

Pobwerera kuchokera ku maliro ndinapeza lole ya ku Lusaka ikupakira. AMbewe anandikokera kuseri. “Phiri, madzi akadutsa sabwerera. Kwera. Uzikatumiza thandizo, ena amange.” Ndinati, “AMbewe, mbumba ndi yanga. Alongo anga azigona m'khitchini ya eni ake, ine ndikumangira anthu osawadziwa nyumba za m'mwamba? Kumudzi ndidzalowa ndi nkhope iti?” Anati, “Udzalira.” Ndinati, “Ndidzalirira kwathu.” Anandiyang'ana, anasolola levulo yawo m'chikwama n'kundipatsa, anakwera, lole inapita. Ndinaima pamsewu ndi thalauza langa latsopano mpaka fumbi litatha. Anzanga amene anakwera lole ija, ena lero ali ndi nyumba za lendi mu Lusaka. Sindinama, masiku ena ndimawaganiza.

Njerwa ndinaumba ndekha, kuwotcha ndekha. Tsiku loyamba kumanga ndinawapatsa aNaphiri mpando, Tisa ali kumsana. Anaseka koyamba chimwalirire amuna awo. “Iwe Laza, wandiyesa nkhalamba ine?” Paja dzina langa ndine Lazaro, ndipo ndi iwo okha amene amaloledwa kulidula. Ndinati, “Khalani, alongo, musandiphunzitse ntchito.” Anazungulira nawo mpando uja, akung'ung'udza, mpaka anakakhala moyang'ana njira yopita kuchitsime ndi kuchigayo, pomwe imakumana ndi ya ku Mkaika. Ndinakhoma chikhomo.

Khonde limene lija ndi limene linalera Tisa. ANaphiri ankagulitsirapo zitumbuwa ndi tomato, ankasenderapo nsawa, ankalukirapo anthu tsitsi. Mayi aliyense wochokera kuchitsime ankatula ndowa pamenepo n'kutulanso nkhani. Amene wayambana ndi mwamuna, amene mwana wake watentha thupi, amene wasowa mchere, onse pa khonde la aNaphiri. Nthawi ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika alendo a ku Malawi ndi ku Mozambiki ankayala mphasa pamenepo mpaka kusowa poponda, alongo anga akuwasamala ngati abale a mimba imodzi. Ine ndikachoka ku ntchito ndinkakhala kumapeto, msana pa chipilala, ndikumvetsera azimayi akunama. Ndipo kamtsikana kaja kanayambira pomwepo kuvina, katamanga chitenje cha amake m'chiuno, amayi a ndowa akuombera m'manja. Lero akuti ali ndi anthu ambirimbiri omutsatira pa foni. Oyamba kumutsatira anali amayi a ndowa aja, pa simenti imene ndinasalaza ine ndi manja awa.

Zaka za msana ndi sitiroko

Ndinapitiriza kumanga, wondilemba ndi wondilemba, Katete, Sinda, m'midzi, mpaka tsiku limene thabwa linathyoka ndili pamwamba pa khoma la tchalitchi china ku Sinda. Kuchokera pamenepo wilibala sindingakankhe. Ntchito inathera pomwepo, popanda phwando, popanda wondigwira chanza. Kenako aNaphiri anagwidwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafooka. Apa ndinene zoona, chifukwa ine ndine waukali koma wabodza ayi. Amene anathamanga nawo kuchipatala, kuwagulira mankhwala, kuwasambitsa, ndi Tisa. Mavidiyo ake omwewo ndi amene anadzutsa alongo anga. Atanena kuti akumanga nyumba ku Katete kuti akhale ndi amake pafupi ndi chipatala, ndinati mwana uyu Mulungu amudalitse. Ndinadikira kuti abwera kudzati, amalume, tiyeni mukaone puloti. Sanabwere. Pulani anaitenga pa foni, amisiri anachokera ku Chipata. Ine anandiitana atasamuka kale, kuti ndikaone.

Katete, chaka chatha

Nyumbayo ili pamtunda, kuseri kwa tauni. Takisi inanditula m'munsi, dalaivala anati kumtundako mvula inakumba ngalande, sangaphe galimoto yake. Ndinakwera ndi ndodo, ndikudzifunsa kuti aNaphiri akadwala mwadzidzidzi adzatsika bwanji. Kufika, mpanda wa njerwa wautali kuposa wa ndende, pamwamba waya wa magetsi, geti lachitsulo lakuda lopanda ndi kabowo kosuzumira komwe. Ndinagogoda ndi mwala mpaka agalu a eni ake kuuwa. Mkati mitengo yonse anadula, pabwalo ponse anayala simenti, kutentha kwake ngati walowa mu uvuni wa njerwa. Pakhomo masitepe ataliatali, oterera, opanda pogwira. Pamwamba pake kadenga kakang'ono pa zipilala ziwiri zonenepa, koti ngakhale mbuzi singausepo mvula. Ndinayang'ana uku ndi uku. Khonde palibe.

Tisa anatuluka foni ili m'mwamba pa kandodo, akulankhula nayo. “Abale anga, onani amene abwera! Amalume anga, mmisiri wakale! Amalume, nenani, mwaiona bwanji nyumba?” Ndinati, “Ukufuna ndinene zoona kapena za pa foni?” Anati, “Zoona, amalume, anthu anga amakonda zoona.” Ndiye ndinanena.

Mawindo a pabalaza ndi aakulu ngati a sitolo, onse ayang'ana kumadzulo. Ndinati masana muno muziwotchamo mbatata popanda moto. Anati kuwala kwa madzulo ndi kumene kumakongoletsa khungu pa vidiyo. M'khitchini masitovu awiri a magetsi, mapoto onyezimira opanda ndi mwaye womwe. Ndinati magetsi akapita mumadya chiyani? Anangoseka, koma ine ndinali nditaiona kale mbaula ataibisa kuseri, pa kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda, pomwe munthu amaphika chowerama utsi uli m'maso. Zimbudzi zonse zili m'nyumba, madzi ake mpaka pampu ya magetsi ikwezere mu thanki. Ndinati magetsi kulibe, madzi kulibe, chimbudzi cha panja sunakumbe, ndiye mlendo wotsegula m'mimba uzimuuza kuti adikire magetsi? Chingwe choyanikira zovala palibe, akuti chimaipitsa. Chipinda chabwino, cholowa mphepo, anaikamo nsapato, mawigi ndi nyale yozungulira yojambulira. Amake anawaika chipinda cha kumapeto, windo lake likuyang'ana mpanda, utatulutsa dzanja ukhoza kuukhudza. Ndipo kanjira ka mkati kopita kumeneko n'kopapatiza, kokhota pakati. Ndinatambasula manja kuyeza. Ndinati, “Tisa, bokosi lidzatuluka bwanji muno?” Anati, “Bokosi la chiyani?” Ndinati, “La maliro. Nyumba timamangira amoyo, koma khomo timayezera akufa. Ndipo tsiku limenelo azimayi adzakhala pati, azibambo adzasonkha moto pati, pa simenti yakoyi?” Nkhope yake inagwa. “Amalume, mwabwera kudzalodza nyumba yanga?” Ndinatembenuka kuti ndikamuonetse za khonde, ndodo inaterereka pa matayilosi, ine chagada, khu!

Anandidzutsa, inde, anandipatsa madzi. Koma foni sinazime. Pa vidiyo imene munaiona ija za mbaula mulibe, za chipinda cha amake mulibe. Muli ine ndikunena za bokosi, kenako kugwa, kubwereza kugwa, kubwerezanso, ndi mawu pamwamba oti achibale a nsanje Mulungu amawagwetsa yekha.

Patapita masabata angapo

Ndinapirira, koma tsiku limene mkulu wa mpingo anandigwira mkono potsika sitepe ya tchalitchi, akubisa chiseko, ndinakwera minibasi kuti ndikamutukwane mwana uja. Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndisanagogode ndinamva mawu kuchokera pansi pa geti. “Laza, ndiwe?” Ndinati, “Alongo, mwandiona bwanji?” Anati, “Nsapato zako. Chidendene cha kumanja chinadyeka.”

Geti lija pansi pake pali mpata ngati chikhatho. Mayi wantchito atanditsegulira ndinapeza aNaphiri ali pa mpando wa pulasitiki, pafupi penipeni ndi geti, padzuwa, atafunda chitenje kumutu, khosi lili chowerama. Tisa anali atapita ku Chipata kukajambula. Ndinati, “Mukutani pano?” Anati, “Ndikuona anthu.” Tsiku lililonse akadya, amatulukira khomo la kukhitchini lopanda masitepe, akukankha mpandowo kutsogolo m'malo mwa ndodo, mwendo wofookawo ukukwekwereza pambuyo, kuzungulira nyumba yonse mpaka pa geti. Amakhala pamenepo kuyang'ana mapazi a anthu odutsa panjira. “Pali amayi a patapata wofiira, amapita kumsika mmawa, pobwera amakhala atatopa, amakoka mapazi. Pali ena a gambutsu, ndikuganiza ndi a kudimba. Pali wina wa nsapato zogogoda, ameneyo ndi wa ku ofesi, samachedwa. Ndimawapatsa moni, koma amadzidzimuka n'kuthawa, amayesa geti likulankhula.” Anaseka. Ine sindinaseke. Mayi amene mudzi wonse unkatula ndowa pakhomo pake, lero akupempha moni kwa zidendene.

Ndinati, “Nyamukani, tikupita kumudzi.” Anakana. “Usamukalipire mwana, Laza. Akundisambitsa madzi otentha otuluka m'khoma. Bedi lake ndikagona nthiti sizipweteka. Wachita zimene anatha. Kumudzi andinyamule ndani, iwe ndi msana wakowo?” Kenako anati, “Koma anthu, Laza. Anthu okha.” Ndinakhala pansi pa simenti yotentha ija pafupi nawo. Ndili pamenepo ndinamva kamphepo kakulowa pansi pa geti, kochokera kumapiri, konga kaja ka pa puloti ya Che Yusufu. Ndinayang'ana miyendo ya mpando. Inali itakanda simenti, zipsera pamalo amodzimodzi, za tsiku ndi tsiku. Palibe mmisiri amene anawapatsa mpando kuti asankhe, koma anasankha okha. Ndikanakhala ndi chikhomo ndikanakhoma pomwepo.

Tisa anafika ndisanachoke. Sindinamutukwane, za vidiyo zinali zitandichoka m'mutu. Ndinati, “Boola mpanda apa, pambali pa geti, uike kakhomo. Kunja kwake ndimange khonde laling'ono loyang'ana njira, malata ochepa ndi benchi ya njerwa. Amako azikhala masana, madzulo uzitseka.” Anati, “Amalume, inu simudziwa. Nkhope yanga ili pa foni ya aliyense. Amuna amabwera kudzagogoda pano, ena ataledzera, ena akuti andikwatire. Ku nyumba imene ndinkachita lendi wina anakwera mpanda mpaka kulowa kubafa. Mpandawu sindinamange chifukwa cha matama.” Zimenezo sindinkazidziwa, ndipo zinandilasa, chifukwa nayenso ndi mbumba yanga. Ndinati, “Ndiye kakhomoko kakhale kachitsulo, ka loko. Ndipo ine ndizibwera kudzakhala nawo ndi ndodo yangayi, tione amene adzagogode.” Anayang'ana amake, anayang'ana mpanda wake wopentedwa bwino, n'kuti, “Kutsogolo kuno ndi kumene ndimajambulira, amalume. Ndiganizira.”

Lero

Mvula yagwa, yatha, chimanga takolola, Tisa akuganizirabe. Ndikaimba foni sayankha. Amayi anu akuti ndisiye, ana a masiku ano sakakamizidwa. Sindisiya. Njerwa ndaumba kale, pang'onopang'ono, chogwada, popeza kuwerama sindingathe. Zili kuseri kwa nyumba, ndaziphimba ndi udzu. Levulo ya aMbewe ndaipukuta.

Ndiye ana anga, wina mwa inu amene amalankhula naye amuwerengere izi, asadumphe ngakhale liwu. Tisa, vidiyo ija isiye pomwepo, anthu aseke mpaka mano aguluke. Ine ndinagwapo kuchokera pamwamba pa tchalitchi, matayilosi ako ndi chiyani? Kupepesa kwako sindikufuna. Ndinaima pamsewu lole ya ku Lusaka ikupita kuti amako akhale ndi pokhala poona anthu, iwe uli kumsana ukuyamwa chala. Malo asankha kale, zipsera za mpando zili pa geti lako, tuluka ukaone. Boola mpandawo. Tumiza galimoto idzatenge njerwa. Ndipo tsiku limenelo foni yako uisiye m'chipinda cha mawigi, ubwere utamanga chitenje, udzandikanyire matope.